Jezi Youma ya Wajdi

Ku Bir Hamra palibe amene sawadziwa Khalti Najet, ngakhale masiku ano ambiri amawapatsa moni akuyang'ana kumbali. Anabadwira kuseri kwa msika, m'nyumba ya wophika buledi, ndipo anakwatiwa akadali mtsikana ndi Chedli, amene ankasamala mipira ndi zovala za timu ya tauniyo. Chedli atamwalira, akuluakulu a timu anabwera kudzapepesa maliro, ndipo pochoka anasiya pa tebulo makiyi a kachipinda kochapira ka kuseri kwa bwalo. Palibe anafunsa ngati mayiwo akuifuna ntchitoyo. Masiku olira atatha anangomanga mpango n'kupita.

Kuyambira pamenepo jezi iliyonse yofiira ya Bir Hamra inkadutsa m'manja mwawo. Osewera, ndi a ndevu omwe, ankawatcha Khalti, monga munthu aitanira mchemwali wa mayi ake. Mpira weniweniwo sanauonerepo, poti amayi a msinkhu wawo salowa m'bwalo. Ankangomva mkokomo wa anthu kudzera pa kazenera, kenako n'kudikira dengu la zovala. Ankakonda kudzitama kuti iwo safuna wailesi: akanyamula jezi amadziwa amene wathamanga ndi amene amangoyendayenda, ndipo waulesi ankamuuza pamaso kuti jezi yake ingopachikidwa, sopo asawonongeke. Lachisanu lililonse zovala zikauma ankazifukiza ndi lubani kuti diso loipa lisazikhudze, monga ankachitira malemu amuna awo. Kwa zaka zambiri palibe anaona chachilendo pa utsi umenewo.

Chaka chimene timu inakwera kulowa mu ligi yaikulu ya Tunisia, tauni inapenga. Nkhosa zinaphedwa pa khomo la bwalo, ndipo magalimoto analiza mahutala mpaka okalamba kudandaula. Si Mongi, kunena kuti Bambo Mongi, mkulu wa timu, mwini fakitale yoyenga mafuta a azitona, anabweretsa kochi wa ku likulu ndi osewera achilendo. Anagulanso makina ochapira, koma makolala ndi m'khwapa Khalti ankachapabe ndi manja.

Masewero oyamba anayenda bwino ndithu. Zinthu zinayamba kupotoka nyengo yozizira itafika. Timu ikapita koyenda inkabwerako ndi kenakake, koma pakhomo inkagonja, kawirikawiri ndi chigoli cha kumapeto. Chowawa kwambiri chinali kugonja kwa timu ya kudoko, adani awo a kalekale. Ndipo kudokoko n'kumene anakwatiwa Emna, mwana yekhayo wa Khalti Najet, ndi mnyamata amene galimoto yake inkauluza mbendera ya timu ya kwawo.

Poyamba mayiwo sanazindikire kanthu. Anangoona kuti akalowa m'nyumba yosambira ya amayi onse a m'tauni nkhani inkaduka, ena n'kuyamba kufunsana za tomato. Mounira, mnzawo wa khomo loyandikana, ndiye anawauza akusankha mphodza: anthu akuti sokosi ya goloboyi inasowa sabata ya masewero a kudoko aja, ndipo akuti inakafika kwa sing'anga wa kumeneko, amene anaikwirira pamodzi ndi mchere ndi singano. Ena akuti lubani wa Lachisanu si lubani yekha. Sokosiyo inasowadi. Inauluka ndi mphepo pa chingwe, ndipo Khalti anaifunafuna mpaka m'ngalande. Koma pofotokoza zimenezi anaona Mounira akuvomera mofulumira kwambiri, ngati munthu amene akumva bodza lomwe amaliyembekezera.

Kuyambira tsiku limenelo nawonso anayamba kuyang'ana anthu ndi diso lina. Wotchetcha kapinga wa m'bwalo, njinga yamoto waitenga kuti? Dalaivala wa basi ya timu, bwanji amaseka pa foni timu itagonja? Nanga kochi, akafunanji ku likulu Lolemba lililonse? Sanali okha okayika. Mu shopu ya khofi ya Lotfi, mtsogoleri wa ochemerera, aliyense anali ndi wake womunong'oneza: oyimbira, goloboyi, ngakhale Si Mongi amene. Koma dzina la mayi wochapa ndilo linkatchulidwa mosatsitsa mawu, poti analibe mwamuna kapena mwana wamwamuna woti n'kudzamenya tebulo.

Mwezi wa Ramadani unafika ligi ikupita kumapeto, Bir Hamra ili m'gulu la matimu oti atsike. Bwalo lawo linalibe magetsi, choncho ankasewera masana, dzuwa likuswa mtengo. Kochi analamula kuti tsiku la masewero aliyense adye ndi kumwa, ndipo anabweretsa shehe wina amene anati masiku amenewo akhoza kudzabweza Idi ikapita. Osewera anavomera, ena mosangalala ndithu.

M'masiku amenewo m'pamene Khalti Najet anayamba kuitsatira jezi ya Wajdi. Wajdi anali wotchinga kumbuyo, mmodzi wa achilendo aja, mnyamata wamtali wa kumapiri a kumpoto, wosayankhulayankhula, yekhayo amene ankapinda jezi yake asanaiponye m'dengu. Za anzake zinkabwera zolemera ndi thukuta, zikauma n'kuoneka mizere yoyera ya mchere kumsana. Yake inabwera yopepuka, yongonyowa pang'ono m'khosi. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Ndipo masewero onse awiri, malinga ndi zimene anthu ankakalipa panja, chigoli chinadzera mbali yake, iye ataima ngati mtengo. Khalti anakumbukiranso kuti anamupezapo kuseri kwa kachipinda kawo akunong'ona pa foni, ndipo atawaona anaidula. Sanauze munthu. Koma pochapa jeziyo ankaitembenuza, kuinunkhiza, n'kuiika payokha.

M'mawa wina, dzulo lake timu itagonjanso, Si Mongi anabwera ku kachipindako ndi Lotfi. Anayamba ndi kufunsa za maondo a Khalti, ndi za Emna, amene anali woyembekezera. Kenako anati ntchito yawachulukira, mwezi wosala kudya ndi wolemetsa, bwanji apumeko mpaka ligi ithe. Makiyi angowasiya.

"Si Mongi, nsapato zanu zoyamba za mpira anakubwerekani ndi malemu amuna anga. Lero ndiye ndatopa?"

"Si ine, Khalti. Ndi pakamwa pa anthu."

"Pakamwa pake ndi apa mwabwera napopa," anatero mayiwo akuloza Lotfi ndi chibwano.

Lotfi anaseka. Anati iye amawalemekeza ngati azakhali ake enieni, koma munthu amene mkamwini wake ali kudoko sangamusiyire zovala za timu, ngakhale atakhala mngelo.

Khalti anadziona akudutsa mu msika wopanda makiyi m'chiuno, aliyense akudziwa chifukwa chake. Anavundukula dengu la dzulo lija, limene anali asanaliyambe, natulutsa jezi ziwiri, ina n'kuwaika Si Mongi kudzanja lamanja, ina kumanzere.

"M'malo monunkhiza lubani wanga, tayezani izi. Onse awiriwa asewera mpaka kumapeto."

Si Mongi anaziyeza m'manja, natembenuza yopepukayo kuti aone dzina la kumsana. Lotfi anaimba kamluzu. Za makiyi sanazitchulenso.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika paliponse: Wajdi wagulitsa masewero. Ena ankadziwa ndi amene anagula. Kochi anamusiya panja. Anyamata anaswa zenera la chipinda chimene ankagona pamwamba pa sitolo ya mankhwala, nalemba pa khoma kuti muno mukhala wogulitsa. Posakhalitsa Wajdi anasowa m'tauni osatsanzika. Ku nyumba yosambira amayi anayambanso kuwasungira Khalti malo, Mounira anabweretsa mbale ya supu yomasulira kusala, ndipo Lotfi ankauza aliyense kuti mayi amenewo ali ndi mphuno yoposa ya apolisi.

Idi itayandikira kunabwera mayi wina wamfupi, miyendo ili mbuu, kudzatenga nsapato za mpira za Wajdi. Anati Wajdi ndi mwana wake. Sankadziwa amene anayambitsa nkhaniyo, ndipo anakhala pa mpando wa Khalti n'kulira ngati ali kwa mnzake. Anati mnyamatayo analumbira pa maliro a bambo ake kuti sadzadumpha tsiku la kusala ngakhale limodzi, shehe anene zimene anene. Poopa kochi ankatenga botolo la madzi, kuchukucha m'kamwa n'kulavula, chakudya n'kukulunga m'pepala. Ankaimba foni mobisa kuuza mayi ake kuti mutu ukuzungulira ndipo maso akuchita chidima. Akuluakulu atamufunsa anangoti sanagulitse, osawonjezera kanthu, poti kusala kumene munthu akukulengeza si kusala ayi.

Khalti Najet anakulunga nsapatozo m'nyuzipepala, naperekeza mlendoyo mpaka pa msewu. Masiku otsatira ankachapa maganizo ali kwina. Mayi aliyense akhoza kunena zotere za mwana wake. Mwina mnyamatayo anachita kumuphunzitsa zoti adzanene. Mwina anasaladi n'kugulitsanso, poti ziwirizi sizikanizana. Komanso mwina thupi louma madzi silitulutsa thukuta, ndipo iwo, amene asala moyo wawo wonse, akanayenera kuganizako. Chimodzi chokha ndicho ankachidziwa bwino: Wajdi akayera, diso la tauni libwerera kwa iwo.

Anapitabe. Anawapeza Si Mongi ku fakitale, pakati pa migolo ya mafuta, nafotokoza zonse ali chiimire. Si Mongi anamvetsera akusisita ndevu. Kenako anafunsa, mofatsa kwambiri, kuti mayi wa kumpotoyo wawapatsa chiyani. Ndipo ngati si Wajdi, n'chifukwa chiyani iwo anathamangira kumuloza tsiku lija?

"Ndinkaopa, Si Mongi."

"Munthu wosalakwa aopanji, Khalti?"

Khalti anamasula okha makiyi pa lamba asanawapemphe. Si Mongi anati ndi zakanthawi chabe, nawapatsa botolo la mafuta a chaka chimenecho. Khalti analisiya pa khomo la fakitale.

Bir Hamra inapambana masewero otsiriza, nipulumuka. Zovala zinayamba kutumizidwa ku kampani yochapa ya mumzinda, n'kumabwera m'mapulasitiki. Kwa Lotfi nkhani inagwirizana bwino lomwe: anali awiri, wogulitsa ndi wofukiza, atakangana anaululana, ndipo atangochoka onse timu inadzuka. Za Wajdi kunamveka kuti akusewera m'katimu ka kwawo. Ena amati wamanga nyumba, ena amati akulima m'munda wa amalume ake. Khalti amafunsa aliyense wochokera kumpoto, ndipo mpaka lero sadziwa chimene akhulupirire.

Masiku ano amachapa zofunda za kanyumba ka alendo ka pafupi ndi siteji ya matakisi. Emna atabereka anaimba foni kuti abwere adzaone mdzukulu, ndipo ngati akufuna adzakhale konko. Khalti anazengereza. Kukwera takisi ya kudoko kunali ngati kuvomereza zonse zimene ankawanenera. Mounira yemwe uja anawalangiza kuti adikire ligi yatsopano iyambe, anthu apeze wina womukamba.

Loweruka lina m'mawa anatuluka ndi chikwama ndi kabulangeti ka khanda. Siteji ili moyang'anana ndi shopu ya Lotfi, ndipo amuna onse a pa khonde anatembenuza mipando.

"Ulendo wa kwa mabwana anu, Khalti?" anafunsa Lotfi mokweza. "Mukawauze kuti tikadali mu ligi."

Anthu anaseka. Khalti Najet anali mmodzi wa ochepa amene ankakumbukira kuti mayi ake a Lotfi anabadwira kudoko komweko, ndipo abale awo akadali konko. Mawuwo anafika pa lilime, okonzeka kale. Anayang'ana amuna aja mmodzimmodzi, naona mmene mipandoyo ikanatembenukira kwa Lotfi akanati awatchule.

"Ndikawauza, mwanawe," anatero.

Anakwera takisi, nakhala pa zenera la mbali ya shopuyo, chikwama pa miyendo, kudikira kuti galimoto idzaze.