Tsiku Limene Agogo Nachisale Analuma Mpango

Ndikakumbukira Agogo Nachisale, utsi ndi umene umayamba kundipeza, utsi wa chimanga chowotcha umene unkachokera pakakhonde kawo n'kulowa pawindo la chipinda changa, pamodzi ndi kuthetheka kwa makala ndi kanyimbo ka kwaya kamene ankang'ung'udza akutembenuza chimangacho ndi zala zosaopa moto. Tinkakhala m'mafulati a njerwa zofiira ku South Bend, ku America, m'zaka zija mafoni adakali opinda, ndipo khomo lawo linali loyandikana ndi lathu. Sanali agogo anga enieni. Anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzalera zidzukulu zawo, zidzukuluzo zinakula, iwo n'kungokhalirira, ndipo mwana aliyense wa Mmalawi m'tauniyo anasanduka mdzukulu wawo. Ine ankandiitana kuti mkazi mnzanga. Chimanga cha kuno ankachinyoza kuti n'chotsekemera ngati cha ana, koma sanasiye kuchiwotcha, ngakhale tsiku lija alamu ya moto inalira mpaka nyumba yonse kutulukira panja pa sinowo.

Chimene ankadziwika nacho kwambiri chinali nthungululu. Ukwati, chinkhoswe, munthu akamaliza maphunziro a unesi, khanda likamatuluka m'chipatala, a Malawi ankatumiza galimoto kudzawatenga, chifukwa chisangalalo chopanda nthungululu ya Nachisale anthu ankati sichinakome. Inkayambira pansi, n'kukwera, n'kukwererabe mpaka agalu a azungu kuyamba kuuwa. Analulutirapo pabwalo la ndege mpaka apolisi kuthamanga. Tikawaseka ankati, "Chimwemwe ukachitsekera m'mimba chimasasa ngati thobwa la dzana. Ine sindisunga."

Ine nthawi imeneyo ndinali kamtsikana ka sekondale kopenga ndi chitoliro chachitsulo chimene ndinayamba kuimba m'bandi ya kusukulu. Sichinali changa, tinkabwereka kusitolo ya zida zoimbira. Bambo anga, amene ankayeza magazi pachipatala china, ankachiona ngati chidole chimene mwana wachedwa kuchitaya. Anali munthu wa tayi ndi mawu ochepa, ndipo anali atandikonzera kale moyo wonse: sayansi, koleji, kenako kauntala ya mankhwala ndi malaya oyera.

Ndiye kunachitika chinthu chimene chinandidumphitsa ndi chimwemwe. Kumzinda waukulu wa Indianapolis ankasonkhanitsa ana oimba bwino ochokera m'masukulu osiyanasiyana kuti apange okesitira, gulu lija la mavayolini, malipenga ndi ng'oma, ndipo mayi wina wachitsikana wophunzira kupeka nyimbo anali atalemba nyimbo yatsopano ya chitoliro ndi gulu lonselo. Aphunzitsi anga ananditumiza kukayesedwa. Anasankha ine kuti ndikaime kutsogolo. Ndinathamanga kuchokera pa basi ya sukulu mpaka kunyumba chikwama chili chotsegula, ndipo woyamba kumuuza anali Agogo, chifukwa ndi amene anali pakhonde. Nthungululu yawo inasuzumiritsa aneba m'mawindo tsiku limenelo.

Bambo anamvetsera nkhaniyo akumasula tayi.

"Zabwino, Tadala. Ukaimbe, titseke bwino nkhani ya chitoliro. Tikabwerako, Lolemba lake tikabweza kusitolo. Sitinawoloke nyanja kudzaimba chitoliro ife."

Ndinawayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikapsa mtima, iwo n'kuyankha m'Chichewa kuti anena kale. Mayi anangondiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti usapitirize.

Nyimboyo nayo siinkandithandiza. Siinali nyimbo yoti munthu n'kuiimbira mluzu akutsuka mbale. Inkayamba ndi mpweya wokhawokha, kungouzira m'chitoliro popanda liwu, kenako kugogoda mabatani ake ndi zala, kenako kugudubuza lilime uku ukuuzira, kwinaku kuimba ndi pakhosi nthawi yomweyo chitoliro chikulira. Bambo akamadutsa pakhomo la chipinda changa ankafunsa kuti, "Ukupulakitisa kapena ukukonza paipi?" Choncho ndinasamukira kukhitchini kwa Agogo, kumene kunkanunkhira anyezi, sopo ndi mafuta opaka mawondo. Tsiku loyamba anakhala pampando manja pamiyendo, ine n'kuimba mpaka thukuta, ndipo nditatsitsa chitoliro anafunsa mwaulemu kuti, "Wamaliza kuchitsuka? Tayamba nyimboyo tsopano, mkazi mnzanga."

Koma patapita masabata anayamba kuidziwa kuposa mmene ndinkaganizira. Ankasenda mbatata akumvetsera, n'kumati apa ndi mphepo ikulowa m'nsungwi, apa ndi nkhuku zaona kabawi, apa ndiye mayi akuitana mwana amene wachedwa kudambo. Ndikalakwitsa ankakweza mpeni m'mwamba. Ndinkawakonda kwambiri pa nthawi zimenezo, ndipo ndinkadziwa kuti m'holo monse muja munthu mmodzi yekha ndi amene adzamve nyimboyo ngati mnzake wakale.

Vuto linali kumapeto. Chitoliro chinkakwera mpaka liwu lapamwamba kwambiri, gulu lonse likuthamanga pambuyo pake, kenako zonse n'kuduka kamodzi. Woimbitsa ankasiya manja ali m'mwamba, holo yonse zii kwa nthawi yaitali, ndiye chitoliro n'kubwerera chokha ndi timawu tochepa tofewa, nyimbo n'kutha. Wopeka uja anatiuza kuti chete ameneyo ndiye mtima wa nyimbo yake, ndipo tsikulo adzajambula mawu onse pachimbale. Nditangomva zimenezo ndinaona nkhope ya Agogo m'maganizo mwanga.

"Agogo, pamenepa musadzalulutire. Chonde. Adzakhala akulekoda."

"Iwe wakwera mpaka kumwamba kuja, ine ndingokhala duu ngati ndili pamaliro?"

"Mudikire woimbitsa atsitse manja."

"Nanga akawaiwala m'mwambamo?"

Tinayamba kuyeserera. Ndinkakwera liwu lija, n'kuduka, n'kuwayang'anitsitsa. Ulendo woyamba nthungululu inatuluka ndisanatsitse n'komwe chigongono. Ulendo wina anadzitseka pakamwa ndi dzanja, koma inatulukira m'mphuno, tonse n'kugwa ndi phwete mpaka mbatata kupserera. Pomaliza anapeza okha mankhwala ake: ankapinda mpango woyera n'kuuluma mwamphamvu, maso ali tong'o, mapewa akunjenjemera, mpaka ine nditamaliza timawu totsiriza tija. "Ndikuchitira iwe," ankatero akupukuta misozi ya kuseka. "Mwamuna wanga malemu sanandiletsepo, koma iwe wanditha."

Tsikulo linafika. Ine ndinali nditatsogola kale kukayeserera ndi gulu, ndikugona kwa achibale ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis. Bambo anayendetsa galimoto kuchokera ku South Bend m'mawa, mayi kutsogolo, Agogo kumbuyo atavala chitenje chawo cha paukwati ndi duku lalikulu lobiriwira, ndipo Agogowo anaumiriza bambo kuti apatukire kaye kumasitolo a ku Lafayette Square kukagula nsomba zouma, poti munthu safika ku Indianapolis n'kubwerera chimanjamanja. Anafika m'tauni nthawi itatha. Bambo anatsitsa azimayiwo pakhomo la holo, iwo n'kupita kukasaka popaka galimoto. Pamene woimbitsa ankafotokozera anthu kuti pafupi ndi kumapeto padzakhala chete, ndipo asawombe m'manja mpaka iye atatsitsa manja ake, mpando wa bambo unali wopanda munthu. Analowa magetsi akuzima, n'kukhala pansi, n'kupinda manja pachifuwa.

Ndinakwera pasiteji ndili ndi mantha. Koma nditangouzira mpweya woyamba uja, mavayolini n'kuyamba kunong'ona pambuyo panga, mantha anathawa. Ha, kukoma kwake! Kukhitchini ndinkaimba ndekha, koma apa chilichonse chimene ndinkachita chinkayankhidwa. Ndikagogoda mabatani, ng'oma zinkagogodanso. Ndikagudubuza lilime, malipenga ankandithamangitsa. Zimene zinkamveka ngati paipi yotsekeka zija zinapeza pokhala pake, ndipo ndinkamva matabwa a siteji akunjenjemera pansi pa nsapato zanga. Ndinkafuna kuseka ndi kuimba nthawi imodzi. Tinakwera, tinakwera, ine patsogolo gulu lonse pambuyo, mpaka ndinaligwira liwu lija bwinobwino kuposa tsiku lina lililonse, kenako zonse zinaduka.

Zii. Manja a woimbitsa ali m'mwamba. Ndinaponya diso pamzere wachitatu, ndipo ndinaona duku lobiriwira likunjenjemera, mpango woyera uli m'kamwa. Agogo anali atagwira. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Ndiye pambali pawo munthu wa tayi anaimirira. Anawomba m'manja mwamphamvu, yekhayekha, n'kufuula ndi mawu amene sindinawamvepo m'nyumba mwathu.

"Mwana wanga ameneyo!"

Mitu yonse inayamba kutembenuka. Bambo anazindikira manja ali m'malere kuti palibe wina amene waimirira, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Munthu amene sankalola ngakhale kufika mochedwa kutchalitchi, amene moyo wake wonse kuno ankasamala kuti azungu asamuone ngati wosadziwa zinthu, anali chiimire pakati pa holo ngati mwana wogwidwa dzanja lili mumphika. Ndinawamvera chisoni.

Agogo anawayang'ana kamodzi kokha. Analavula mpango uja, anawakoka jekete mpaka kuwakhazika pansi, iwo n'kuimirira ndi duku lawo lonse, n'kuimasula nthungululu ija. Inayambira pansi monga mwa nthawi zonse, n'kukwera mpaka kudenga, yaitali kuposa ya paukwati uliwonse umene ndinapitako. Maso onse amene ankafunafuna bambo anathera pa iwo. Anaimaliza bwinobwino osafulumira, anakonza chitenje, n'kukhala pansi ngati palibe chimene chachitika.

Woimbitsa anali asanatsitse manja. Anandiyang'ana, nsidze zili m'mwamba. Ndinadikira mpaka kamawu kotsiriza ka nthungululu katatha m'makona a holo, ndinakweza chitoliro, ndipo ndinaimba timawu tofewa tija. Atatsitsa manja, anthu anawomba m'manja mpaka ena kuimirira.

Wopeka nyimbo uja sanasangalale, ndipo sindimuimba mlandu. Anali atafiira mpaka m'makutu. Agogo anandigwira dzanja kuti ndikawamasulire, ndipo anakamugwadira pang'ono monga amachitira kwathu. "Umuuze kuti ndine ndalakwa, nkhalamba yosapita kusukulu. Umuuzenso kuti nyimbo yake ndi yabwino, n'chifukwa chake yandithawa pakamwa." Ndinamasulira momwemo. Mayiyo anawayang'ana kwakanthawi, anapukusa mutu, kenako anawagwira dzanja. Za bambo palibe amene anatchula.

Pobwerera, galimoto yonse inkanunkha nsomba zouma ndipo tinayenda mtunda wautali, minda ya chimanga ikudutsa uku ndi uku. Kenako bambo anakonza pakhosi, n'kulankhula kwa Agogo.

"Mayi, mwandiveka lero."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, a Banda. Ine anthu anandizolowera kale." Agogo anawonjezera akuyang'ana pawindo. "Koma munthu amene waimirira pagulu n'kulengeza kuti mwana ndi wake sangakabweze chitoliro Lolemba. Mboni ndili nazo, holo yonse."

Mayi anadzitseka pakamwa ndi dzanja. Ine ndinakumbatira kabokosi ka chitoliro pamiyendo panga. Bambo anayendetsabe, maso pamsewu, ndipo patapita nthawi anandiyang'ana pagalasi.

"Tadala, zija umachita ndi lilime zija, umachita bwanji?"

Lolemba linafika n'kudutsa, kusitolo sitinapite. Nkhani inafalikira kwa a Malawi onse kuyambira ku South Bend mpaka ku Indianapolis kuti Nachisale walulutira pakati pa nyimbo ya azungu, ndipo anawaseka nayo pa chinkhoswe chilichonse kwa zaka. Iwo ankaseka nawo, n'kumaikometsera kuti woimbitsa anatsala pang'ono kugwa. Sanaululepo kuti anayamba ndani.

Agogo anabwerera ku Ntcheu ndili ku koleji, ndipo anamwalira komweko. Ine ndimaimba chitoliro mpaka lero, ndimaphunzitsanso ana, ndipo nyimbo zimene ndimakonda ndi zomwezi zatsopano zimene anthu amafunsa kuti ziyamba liti. Chimbale cha tsiku lija ndili nacho. Bambo akalamba tsopano, ndipo akabwera kudzacheza amapempha kuti ndichiike. Timamvetsera mpaka pa chete paja. Mawu awo amamveka bwinobwino, aliyense amawazindikira, kenako nthungululu imabwera n'kuwaphimba. Iwo amaloza sipika, n'kuuza ana anga kuti, "Tamverani Agogo Nachisale akusokoneza nyimbo ya amayi anu." Ndipo tonse m'nyumbamo timavomereza kuti eya, anali Agogo.