Hutala Amalizira Mbuzi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anandilonjeza nsapato za pa Idi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mapazi anga anali asanalowepo m'chinthu chilichonse kupatula matope. Bambo ankagula utaka kwa asodzi ku Senga Bay, n'kuuyanika pathandala, n'kumadikira ogula ochokera ku Lilongwe. Pangano linali lakuti madengu a mwezi umenewo akangopita, nsapato zibwera.

M'mawa wina tinanyamula madenguwo kukawatula kumsewu. Bambo anagwira m'thumba kuona ngati khadi la chipani lilimo, kenako anati, "Tiye tikamwe tiyi." Ndinadabwa, chifukwa kwathu tiyi wamkaka ankamwa odwala ndi alendo. Tsiku limenelo, mu tiyirumu ya Che Asani, pansi pa chithunzi cha Pulezidenti, ndinapatsidwa kapu yangayanga ndi sikono yathunthu.

Ndisanalawe n'komwe, panja panaima lole. Mwini wake anali wogula nsomba wa ku Lilongwe, munthu wamimba yake. Sanazimitse injini, sanatsike. Anangosuzumira pawindo n'kuliza hutala.

"Madengu awa ndi a ndani? Fulumirani, ndachedwa."

Ena amene anali ndi nsomba zawo anathamangira komweko. Ine ndinali nditaimirira kale. Bambo anathira tiyi m'sosala, anati Bisimila, n'kuyamba kumuuzira pang'onopang'ono ngati akunong'oneza khanda.

"Ababa, akuitanatu."

"Ndamva galimoto ikulira. Munthu sindinamumve."

"Atisiyatu."

"Khala pansi. Hutala amalizira mbuzi zogona pamsewu. Iwe ndiwe mbuzi?"

Kunena zoona, nthawi imeneyo ndikanalola kukhala mbuzi, bola mbuzi yovala nsapato. Mwa nzeru zanga ndinaganiza kuti ndikamaliza tiyi wanga msanga, bambo achita manyazi n'kudzuka. Ndinakweza kapu n'kugugudiza. Lilime linapsa, kukhosi kunapsa, misozi ili chuchuchu. Sikono ndinaikankhira m'kamwa kuti izime motowo, ndipo inatsika ngati thonje.

Che Asani anaseka mpaka kutsamira khoma. "Mwana wanuyu adzayendetsa ambulansi."

Bambo, ali chikhalire, anangokweza mawu pang'ono. "Achimwene, zimitsani galimotoyo mudzamwe tiyi. Za utaka tikambirana muno."

Wa lole uja anayang'ana wotchi yake, anapukusa mutu, anakweza nsomba za anthu ena aja n'kumapita.

Mwina mukudikira ndinene kuti loleyo inakafera panjira, kapena kuti mwini wake anabwerera chipewa chili m'manja. Ayi ndithu. Inayenda bwinobwino. Utaka wathu tinakaugulitsa pang'onopang'ono mumsika wa Salima, motchipa, ndipo pa Idi ndinapita kumzikiti ndi mapazi odzola mafuta. Nditadandaula, bambo anati, "Ukulira chiyani? Nsapatozo pakhomo pa mzikiti ukanazivulabe."

Ndinawasungira mkwiyo nthawi yaitali.

Lero tsitsi layera, ndipo ndili pa benchi langa la nsomba mumsika womwewo. Pa nkhani yonenerera mtengo sindigonja. Anzanga amati tsiku la maliro anga ndidzadzuka kuti wogulitsa nsanda atsitseko. Ana anga amafuna ndisinthe. Akuti masiku ano anthu alibe nthawi: amaitanitsa pafoni, wa kabaza n'kuwapititsira pakhomo, wogula ndi wogulitsa osaonana nkhope. Ena amaima ndi galimoto kutsogolo kwa benchi, galasi lotsitsa theka, n'kuliza hutala. Ine sindidzuka. Wofuna chambo changa atsike, andipatse moni, anyoze nsombayo kuti ndi yowonda, ine ndinyoze thumba lake kuti ndi louma, tiseke, kenako tigwirizane. Malonda ndi amenewo. Ana amati ndidzafa wosauka. Mwina akunena zoona, koma sindidzafa ndikuthamangira windo la munthu.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse amene analuza kwambiri tsiku lija. Wogula anatithawa tonse awiri. Koma bambo anatuluka mu tiyirumu muja akunyambita milomo, atamva kukoma kwa dontho lililonse. Ine ndinatuluka wopanda nsapato, lilime lili lakupsa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati Che Asani anathiramo shuga.