Tsiku limene bambo anatsala kunyanja

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kudzuka, chifukwa ndinangotsamira khoma pang'ono pambali pa amayi. M'nyumba ya siwa nyali inali pafupi kuzima. Bambo anali chigonere pamphasa pakati pathu, atafunditsidwa nsalu yoyera. Amayi a mumpingo amene anachezera kuimba anali atasasa mawu, moti nyimbo ankangoing'ung'udza kukhosi. Kunja mwera unkawomba. Inali miyezi yozizira, zaka zochepa nkhondo ya azungu itatha.

Bambo anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ya m'mudzi mwathu, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Salima. Kwawo kunali kumtunda, ku Chitala. Anabwera kunyanja ali mnyamata, atatumidwa ndi amishoni, anakwatira amayi, ndipo sanachokenso. Ine ndine mwana wawo woyamba. Nthawi imeneyo ndinali pabanja, mwana ali kumsana, ndipo chifuwa chitayamba kuwavuta bambo ndinkawathandiza kuyang'anira ana aang'ono a sukulu. Chifuwa chomwecho ndi chimene chinawatenga.

Nditatuluka ndinapeza amuna atazungulira moto pabwalo, atadzikuta zofunda mpaka kumutu. Kuseri kwa nyumba amayi ena anali atayala kale mafuwa, ndipo mphepo inkawabwezera utsi m'maso. Ena anabwera ndi mpunga m'malichero, ena ufa wa chinangwa, ena utaka wouma. Amayi achisilamu a mudzi woyandikana nafe anafika ndi nkhuni pamutu. Anazitula, nayamba akhala pansi kulira nafe asanagwire ntchito iliyonse.

Kutayera, anthu anayamba kufika m'njira zonse. Bokosi linabwera kuchokera kusitesheni, atalisenza anyamata mosinthana. Analikhoma ndi mmisiri wina amene anaphunzira kwa bambo, ndipo pambuyo pake pankabwera kalaliki wa kunjanji, wophunzira wawonso, atavala jekete, nsapato atazigwira m'manja chifukwa cha mchenga. Kenaka ana anafuula kugombe kuti kwaoneka mabwato. Anali asodzi ochokera ku chilumba cha Mbenji. Uthenga unawapeza dzulo lake kudzera kwa wogula nsomba, ndipo anawoloka ndi mwera womwewo. Anatsika atanyoweratu, milomo ikunjenjemera, koma anakana kupita kumoto asanalowe m'nyumba kukaona nkhope ya aphunzitsi awo.

Adzukulu anali atakhala pansi ndi makasu awo. Sakanayamba kukumba abale a ku Chitala asanafike. Dzuwa litakwera pang'ono anatulukira, akutsogoleredwa ndi bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, munthu wamtali wa imvi amene ndinali nditamuonapo ndili mwana. Analowa, analira, anatuluka. Koma nditaona kuti abwera ndi anyamata ambiri ndiponso mitengo yonyamulira, ndinazindikira kuti sanangobwera kudzalira.

Akuluakulu anakakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ananditumiza kukapereka madzi. Ndinagwada chapatali, ndipo zonse ndinamva.

"Mwagwira ntchito, tathokoza," anatero bambo aakulu. "Koma ife tabwera kudzatenga m'bale wathu. Akagona kwawo."

Mkulu wa mpingo, amene ankayendetsa mwambo poti abusa anali paulendo kutali, anayankha mofatsa kuti mkazi ndi ana ali kuno, ndipo malo anali atakonzedwa ku manda a Akhristu, pafupi ndi sukulu.

Bambo aakulu sanakweze mawu. "Mwana ameneyu tinamuchotsa kobusa mbuzi, ife n'kutsala tikulima, kuti aphunzire adzatitukule. Anzake amene anaphunzira nawo ali pamipando kuboma. Iye anadzakhala kuno pamchenga. Mayi athu anamwalira akumufunsa. Moyo wake wonse mwadya inu. Ife tipatseni mtembo wokha."

M'mawuwo munali zoona. Ndinaganiza za amayi, amene miyendo inali itayamba kuwavuta, kuti manda a mwamuna wawo akakhala ku Chitala sadzawaonanso.

"Komanso sukulu yakeyo yapindula chiyani?" anapitiriza bambo aakulu. "Ndikayang'ana ndikuona asodzi okhaokha, ngati makolo awo."

Mmodzi wa amuna a ku Mbenji aja anawomba m'manja kupempha mpata. Malaya ake anali asanaume.

"Bambo, ine ndine mmodzi wa asodziwo. Mayeso opitira ku sukulu yaikulu ndinalephera, mnzanga wa jeketeyu anakhoza. Ndinapita kwa aphunzitsi nditakwiya. Ndinati mwanditayitsa nthawi, ndikubwerera ku nkhafi komwe munandichotsa. Iwo anati, bwerera, nkhafi si chilango. Sindinakuphunzitse kuti uthawe nyanja. Ndinakuphunzitsa kuti Mawu a Mulungu uziwerenga ndi maso ako, osangodalira pakamwa pa wina, ndiponso kuti udziwe kuti amene ukupalasa naye bwato ndi munthu wa Mulungu monga iwe. Ukagwira zimenezi, kaya uli pampando kaya m'bwato, ine ntchito yanga yatheka."

Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Pachilumba paja palibe tchalitchi. Lamulungu timakhala pamwala, ine n'kumawerengera anzanga. Wina akadwala sitimusiya yekha m'chisakasa, timasiya ukonde n'kumuwolotsa. Kaya zimenezi n'kupindula, kaya ayi, muweruze ndinu."

Kalaliki uja anangowerama, n'kumagwedeza mutu. Amene anawonjezapo anali mkulu wina wachisilamu. Anati mwana wake anamutumiza kusukuluko ali ndi mantha, koma aphunzitsi sanamubisire kanthu. Anamuuza kuti pano timapemphera m'dzina la Yesu, mwana wanu azimva zimenezo tsiku lililonse, koma sindidzamukoka ndi chingwe. "Ndipo mawu awo anasunga. Wallahi, munthu wotere musatilande."

Bambo aakulu anaimirira, nandiyang'ana.

"Iwe mwana, kandionetse sukuluyo."

Tinapita awiri. Inali nyumba ya udzu, yomwenso tinkapemphereramo, ya mipando youmba ndi dothi. Anawerama polowa. Anayang'ana denga, anayang'ana mipando ija imene inali itasalala ndi kukhalidwa. Pa bolodi panali patatsala zilembo za tsiku lomaliza limene bambo anaphunzitsa.

"Izi analemba ndi iye?"

"Eya, bambo."

Sanandifunse kuti zikuti chiyani, ngakhale kuwerenga sankadziwa. Anangokhudza chilembo chimodzi ndi chala, n'kuyang'ana choko chimene chinatsala pachalapo.

"Zaka zonsezi sindinabwereko kudzamuona akugwira ntchito," anatero, osati kwa ine kwenikweni.

Titabwerera pansi pa mango, anafunsa kuti ana aziphunzitsidwa ndi yani tsopano. Mkulu wa mpingo anati amishoni adzatumiza wina, koma mwina zitenga miyezi, ndipo pakadali pano mwana wa malemuyu azigwirizira. Palibe amene anali atandifunsa. Ndinangoyang'ana pansi.

"Chabwino," anatero bambo aakulu. "Ndimusiya, koma ndikumusiya pantchito pake. Ndikadzamva kuti sukulu ija yafa, ndidzati munandinamiza." Atatero anatembenukira kwa anyamata ake, nawauza kuti asiye mitengo ija akathandize adzukulu kukumba.

Nditakawanong'oneza amayi, anangondigwira dzanja mwamphamvu, n'kuyamba kulira mwa mtundu wina, kulira kwa munthu amene watula katundu.

Manda anatha dzuwa litapendeka. Anthu anali atadya, ndipo mphepo inali itachepako, ngakhale mitambo inali ikadali yotuwa cha kunyanja. Mkulu wa mpingo anapemphera pabwalo, ndipo ulendo unayambika. Patsogolo panali ana a sukulu, opanda nsapato, ena atafunda nsalu za amayi awo chifukwa cha kuzizira. Nyimbo anaiyamba okha, popanda wowayambitsira, ndipo poyamba inagwedezeka, kenaka inakhazikika akulu atailandira. Bokosi linkayenda pamapewa, anthu akulandirana osalitula. Ndinaona kalaliki atavula jekete, akunyamula mbali imodzi ndi msodzi uja. Ndinaona anyamata a ku Chitala akulandira kwa anyamata a kunyanja. Asilamu anayenda nafe mpaka kumanda, naima chakumbuyo, manja atapinda. Podutsa pasukulu onyamula anaima pang'ono, popanda amene anawauza, kenaka anapitirira.

Kumanda mawu sanachuluke. Mkulu wa mpingo anawerenga Mawu a Mulungu, mphepo ikumutsekera masamba, mpaka mwana wina anabwera kudzamugwirira. Bambo aakulu atapatsidwa mpata wolankhula m'malo mwa banja, anangoti anabwera kudzatenga munthu mmodzi koma apeza kuti ali ndi abale ambiri amene sankawadziwa. Anaponya dothi, amayi anaponya, inenso ndinaponya. Linali dothi lamchenga, losamveka kugwa kwake.

Pobwerera anthu anasamba m'manja n'kuyamba kubalalika. Kalaliki anathamangira kusitesheni. A ku Mbenji anakagona kwa abale awo kudikira kuti nyanja ikhale bata. A ku Chitala anapatsidwa nyumba ya mnansi wathu. Moto wa kuseri unazima umodziumodzi, mbiya zobwereka zinabwerera kwa eni ake, ndipo pabwalo panangotsala mapazi a anthu ndi phulusa.

Madzulo m'nyumba munali zii. Amayi achikulire amene anatsala kutigoneka anali atayamba kale kusinza. Pakati paja, pamene panali bambo, panali popanda kanthu, ndipo tonse tinkapalambalala podutsa. Ndinayamwitsa mwana n'kumugoneka. Apa m'pamene mantha anandigwira. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo ana ena a m'kalasi lalikulu anali pafupi kundiposa. Lonjezo limene linasunga bambo kunyanja linali litagwera pamutu panga.

Amayi anali atagona chammbali, ndipo ndinkayesa agona tulo.

"Ukuganiza za sukulu," anatero.

"Amayi, ndikayambira pati ine?"

Amayi sanalowepo m'kalasi moyo wawo wonse. Komabe anati, "Bambo ako sankayamba ndi zilembo. Ankaima pakhomo n'kumayang'ana nkhope za ana akamalowa. Akaona kuti wina palibe, ankafunsa ngati wadwala kapena kwawo agona ndi njala, ndipo akaweruka ankayamba apita komweko asanabwere kudzadya. Chakudya chawo ndakhala ndikuchivundikira zaka zonsezi. Iwe ukayambire pamenepo. Zinazo ukuzidziwa."

Anakoka nsalu, natembenukira kukhoma. Ine ndinakhalabe tsonga mumdima, mafunde akumveka chapatali, n'kuyamba kutchula mumtima maina a ana aja mmodzimmodzi, ndi njira yopita kwawo kwa aliyense.