Mtedza Wokunkha wa Dailes

Dailes anachoka kwawo ku Mchinji chaka chimene feteleza anakwera mtengo mpaka anthu kusiya n'kufunsa komwe. Mwamuna wake anali atamwalira, mbewu anadya yonse pa njala, munda unangomera tchire. Anabereka mwana wake Cynthia, n'kuwoloka malire podzera njira zachidule, kudzalowa ganyu pa famu ya a Edmund kuno ku Chiparamba. Ine ndine wa m'mudzi uno, koma umphawi unatiika pa mzere umodzi, khasu langa pambali pa lake.

Ankagona m'chigafa chakale cha fodya ndi amayi ena obwera. Mvula ikagwa, onse ankaimirira. Phoso lawo linali chimanga chofumbwa, choti ngakhale nkhuku imayamba yaganiza kaye isanatole. Dailes sankadandaula, ndipo zimenezo zinkanditentha mtima.

"Amake Cynthia, mulibe pakamwa kodi?" ndinkamufunsa.

"Ndikudikira nthawi yokunkha, anzanga," ankatero. "Ndikangopeza mbewu ya mtedza, ndikalima kwathu. Simudzandionanso kuno."

Kukunkha tinakupeza. Mwini munda akakumba mtedza wake n'kututa, wotsalira m'dothi ndi wa aliyense wofuna kuwerama. Sitipempha, ndipo palibe amaletsa.

Ndiye a Edmund atatuta, Dailes anawerama. Tikaweruka ife n'kumakaongola msana, iye ankabwerera m'munda, mwana kumbuyo, kufukula dothi louma ndi zala mpaka zikhadabo kuthetheka. Sanaswe ngakhale umodzi kuti alawe. Cynthia akalira, ankamupatsa chikhokho. Mtedzawo anauyanika padzuwa, anasankha wonenepa wokhawokha, thumba la feteleza n'kudzaza mpaka kukamwa.

Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza. Pageti tinakumana ndi a Edmund ali m'galimoto.

"Muli chiyani m'thumbamo?" anafunsa.

"Zokunkha, bwana. Mbewu yanga."

Mayo ine, akanangonena kuti ndi wa nsinjiro! Koma Dailes bodza salidziwa.

A Edmund anatsika. "Mtundu umenewo ndinagula modula. Kudya mutha kudya, ine si munthu woipa. Koma kubzala ayi. Aliyense akakhala ndi mbewu yake, ine andilimira ndani?" Anaitanitsa chiwaya chodula ku mgolo ndi nkhuni. "Mukazinge pompano, apo ayi siyani thumbalo."

Ine magazi anakwera. "Bambo inu, manyazi mulibe? Nkhumba zanu zimafukula m'munda momwemo, munayamba mwazifunsapo?"

"Inu mayi, mawa musabwere," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Ntchitoyo inandithera pomwepo, ndipo sindikuilira. Koma Dailes akanakadandaula kuti, munthu wopanda chiphaso? Akanangoyerekeza kupita kupolisi, womangidwa akanakhala iyeyo. Anayang'ana thumba, anayang'ana Cynthia amene anali atawonda khosi, kenako anagwada n'kukoleza moto.

Anaswa mtedzawo ndi manja ake, ine ndikuthandiza uku ndikutukwana. Anathira m'chiwaya n'kumatakasa ndi kamtengo. Mtedza unkathetheka, fungo linafika mpaka kumsewu, anthu odutsa panjinga n'kumatembenuka kuona ngati pali malonda. Dailes sanalire. Ine ndi amene ndinalira, ndi ukali weniweni.

A Edmund anatapa dzanja limodzi, anauzira, n'kuponya m'kamwa.

"Mchere palibe?" anatero.

Mpaka lero fungo la mtedza wokazinga limandichititsa nseru. Ndikafika ku msika m'tauni, pamene amagulitsa ndimapalambalala.

Mvula yoyamba itagwa, ndili pakhonde kusoka chitenje, ndinaona munthu akubwera m'kanjira kochokera kumalire, khasu paphewa. Cynthia tsopano ankayenda yekha pambuyo pake.

"Amake Cynthia! Munda wanu uja?"

"Ulipo," anayankha. "Ndinagalauza wonse, mizere ili bwinobwino. Chobzala ndiye ndilibe."

Sanakhale pansi. Anati achedwa, a Edmund akulemba anthu odzabzala mtedza.