Ndinakulitsa bowo la botolo la mdzukulu wanga

Inu owerenga, ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo mtima umenewu unatsala pang'ono kupha mdzukulu wanga Yamikani. Sindibisa.

Mwana wanga wamkazi Esita atachira, ndinalamula kuti abwerere kusukulu ku Bvumbwe, khandalo lizimwa mkaka wa m'botolo. Mayi ake Esita amalawirira kukathyola tiyi, ndiye m'mawa womwetsa ndinali ine, popeza kufakitale ndimalowa masana.

Koma mwanayo kuchedwa kwake! Amayamwa pang'ono, kupuma, kundiyang'ana. Tsiku lina nditatopa ndinatenga lezala n'kung'amba kamphira koyamwira kaja kuti mkaka uzituluka msanga. Ndinkamugoneka chagada pamphasa, botolo nditalitsamiritsa pachitenje, ine ndikusita malaya. Akatsamwa ndinkati azolowera.

Posakhalitsa chifuwa chake chinayamba kulira ngati muli kamphaka. Ine ndinati ndi kuzizira kwa chiperoni, ndinakalipira mayi ake Esita kuti samufunditsa. Iwo atati tipite kuchipatala ndinawazazira kuti asandiphunzitse kulera.

Tsiku lina m'mawa Yamikani anakana botolo. Thupi moto, nthiti zikulowa m'kati, milomo itachita bii. Kulira kumene kunkamukanika. Ine ndi mayi ake Esita tinakwera naye njinga yamoto, msewu wa m'minda ya tiyi uli thope lokhalokha, ine khutu lili pakamwa pake kumvetsera ngati akupumabe.

Kuchipatala anati ndi chibayo, anamuika machubu a mpweya m'mphuno. Anamwino anapempha botolo, n'kulizondotsa. Mkaka unangoti chuu pansi.

"Wadula apa ndani?"

Mayi ake Esita anandicheukira. "Yankhanitu abambo, si paja mumadziwa kulera?"

Anamwino anati mkaka ukathamanga chonchi mwana atagona, wina umalowera njira ya mpweya. Esita atafika ndi yunifolomu yake sanandinyoze. Anangofunsa kuti, "Ababa, mumathamangira kuti?" Bola akanandimenya.

Yamikani anatuluka wamoyo, koma mpaka lero kukazizira ndimatchera khutu pachifuwa chake.

Abambo anzanga, bowo la botolo si lanu lokonza. Mwana mumunyamule, mutu ukhale m'mwamba, amwe pa liwiro lake, mumugeyetse. Mukamva kaphokoso m'chifuwa kapena akupuma mobanika, musanamizire nyengo, thamangani kuchipatala. Malaya aja akanatha kudikira. Ine ndinazindikira zimenezi nditaimirira pambali pa bedi, ndikuwerenga mpweya wa mwana amene ndinkamufulumizitsa.