Chithaphwi cha Kuseri kwa a Levulo

Dzina lawo lenileni lilipo ndithu, koma amalidziwa ndi a kuchipatala okha. Ena onse amangoti a Levulo. Kwa zaka zoposa makumi atatu anali mmisiri womanga nyumba, ndipo kulikonse kumene ankapita ankapanira kukhwapa levulo yawo, chitsulo chotalika ngati mkono chokhala ndi kagalasi pakati. Ukachigoneka pamwamba pa njerwa, kathovu ka m'galasimo kakaima pakatikati, ndiye kuti palibe mbali yokwera kapena yotsika. A Levulo ankakhulupirira kathovuko kuposa maso awo, kuposa wailesi, ndipo amiseche amati kuposanso mayi a kunyumba kwawo.

Akapita kocheza kwa anzawo, tiyi asanafike, ankagoneka chitsulocho patebulo n'kupukusa mutu. "Tebulo ili lapendekera kukhomo." Eni nyumba ankangoti zikomo, nanga akanati chiyani?

Monga achitira amisiri ambiri, yawo nyumba anamanga pomalizira, mawondo atayamba kale kudandaula. Zipinda zinayi, denga la malata, njerwa iliyonse yodutsa m'manja mwawo. Chomaliza anathira kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba yonse, kopendekera kunja pang'ono kuti madzi a padenga azithawa maziko. Kumaso anathira sabata ina, kuseri sabata yotsatira. Atamaliza anaitana akazi awo.

"Mayi, nyumba iyi adzagonamo ndi adzukulu a adzukulu anu."

Mvula itabwera, kumaso madzi ankatsetsereka bwinobwino kupita kumsewu. Koma kuseri anakana kuchoka. Ankagwa padenga, n'kubwerera kudzatsamira khoma la kuchipinda chogona ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Chaka choyamba penti ya m'kati inatupa n'kuyamba kusupuka, zovala za m'kabati zikununkha chinyezi. Chaka chachiwiri pansi pa khomalo panamera ndere, achule n'kusamukirapo ndi mabanja awo. Kenaka m'mawa wina a Levulo anaona mng'alu wochokera pakona ya zenera kutsikira pansi. Anatenga pensulo n'kulemba kamzere pomwe mng'aluwo unathera. Patapita masiku anayi, unali utadutsa kamzereko.

Iwo ankadziwa tanthauzo lake. Anali ataonapo makoma a eni ake akuyamba choncho, dothi la pansi pa maziko likufewa, mpaka tsiku lina khoma n'kugona pansi. Ndipo kumutu kwa bedi lawo kunali kukhoma lomwelo.

Tsiku lililonse mvula ikakata ankatuluka ndi levulo, n'kugwada movutikira, n'kuyeza. Kathovu kankanena zomwezomwezo: khonde lapendekera kunja. Ndiye anayamba kufunafuna wolakwa. Analoza mpanda wa oyandikana nawo nyumba. Analoza dothi. Analoza mvula ya masiku ano, yomwe ati siigwanso mwaulemu ngati kale.

Mlamu wawo, wometa tsitsi pamsika, ankadutsirako dala popita kuntchito.

"Alamu, mwayamba ulimi wa nsomba osatiuza? Tigule mbedza?"

"Inu pitani mukamete anthu. Apa ndayezapo ine."

"Nanga madziwa?"

"Madziwa ndi amene akulakwa."

"Basi aitanitseni apolisi," anatero wometayo akulumpha chithaphwi, nsapato zili m'manja.

Chodabwitsa n'chakuti mayi a kunyumba, omwe pakamwa pawo sipaola ndipo amadziwa amene wagula mpando watsopano msewu wonsewo, pa nkhani iyi anali duu. Ankangotenga tsache m'mawa uliwonse n'kumakankha madziwo, madziwo n'kumabwerera.

Loweruka lina masana, mvula itangokata, a Levulo analowa kuchipinda ndi piki. Anali ataganiza kuti pansi pa nyumbayo payenera kuti pali kasupe, ndipo ankafuna kuswa simenti ya pansi kuti amuone. Anakoka bedi, n'kulavulira m'manja.

"Bambo, dikirani kaye." Mayi aja anaima pakhomo atagwira tsache. "Musanaswe chipinda changa, tiyeni kuseri. Tengani chitsulo chanucho."

Anapita. A Levulo anagoneka levulo pakhonde. "Mwaona? Kunja."

"Tachitembenuzani. Uku kupite uko."

A Levulo anawayang'ana. Amenewo anali mawu awo omwe. Kalekale, pophunzitsa anthu ntchito, ankati levulo yabwino imanena chimodzimodzi ngakhale uitembenuze. Koma yawoyo anali asanaiyesepo choncho kwa zaka zambiri. Munthu umayesa bwanji mnzako amene sanakunamizepo?

Anaitembenuza. Kathovu kanathamangira mbali ina n'kukabisala kumapeto kwa galasi. Anabwezanso, n'kutembenuzanso. Kenaka anakhala pa ndowa yovundikira.

"Sabata ija munathira kumaso," mayi aja anayamba, maso ali patsache, "m'khitchini munalowa khoswe. Chomwe chinali pafupi n'chitsulo chanuchi. Ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, koma ndinamenya chitseko. Kagalasiko kanasuntha, ndinakakankhira m'malo mwake ndi chala, ndinapukuta bwinobwino n'kupachikanso."

"Zaka ziwiri, mayi."

"Ndimafuna kunena. Koma mukachigwira mumachisisita ngati mwana. Ndinkati mwina madziwo atopa okha."

A Levulo anayang'ana chitsulo chija nthawi yaitali. Anachigula ndi malipiro awo oyamba, asanakwatire n'komwe. Anayang'ananso akazi awo, manja atatuwa ndi madzi a m'mawa uliwonse, ndipo mkwiyo umene ankausakasaka sanaupeze.

"Nanga khosweyo munamupha?"

"Anathawa."

Amene anayamba kuseka ndi a Levulo, kuseka kogwira mawondo, mpaka misozi. Mayi aja anadikira kaye kuti aone ngati n'kuseka kwenikweni, kenaka nawonso anaphulika.

Piki ija inagwira ntchito tsiku lomwelo, koma kunja. Anaswa khonde lonse la kuseri. Pokumba ngalande sanafunenso chitsulo. Mayi ankathira ndowa ya madzi pansi, a Levulo n'kumatsatira ndi khasu kumene madziwo akufuna kupita, pomwe aima n'kupalapo, pang'onopang'ono mpaka kukafika kumsewu. Wometa uja anabwera kudzaseka, koma anapezeka atagwiritsidwa wilibala, akututa miyala yoyala m'ngalandemo.

"Alamu, nsomba zija bwanji?"

"Zasamuka. Kankhani wilibalayo."

Khonde latsopano anathira patapita masiku atatu, ndipo litauma analiyesa ndi ndowa yomweyo. Mvula yotsatira inawapeza awiriwo ali pazenera la kuchipinda, akuonerera madzi akutsika m'ngalande mothamanga, osacheukanso. A Levulo analemba kamzere kena pansi pa mng'alu. Sabata inatha, mwezi unatha, mng'alu uli pomwepo. Ndipamene anaumata ndi simenti n'kubwezera bedi kukhoma.

Dzina lija silinawachoke, ndipo akapita kocheza amapendekezabe mutu poyang'ana matebulo a eni ake, kungoti masiku ano sanena kanthu. Levuloyo sanaitaye. Anaikhomera msomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, pamalo posavuta kufikira.

"Ikhale pamenepa, mayi," anatero. "Koma ulendo uno muzilunjika."