Chaka cha ku Jeremani cha mdzukulu wanga

Ine sukulu sindinaipondeko, koma malamulo a digiri ya Chijeremani ndimawadziwa ngati njira ya kuchigayo. Anandiphunzitsa ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi, kuno ku Barking, kudziko la azungu, kumene ananditengera miyendo itayamba kukana.

Mtsikanayu ndiye ankandisambitsa, ndiyenso yekha mwa adzukulu amene ankandiyankha m'Chichewa. Akabwera ku yunivesite ankandipaka mafuta m'mawondo uku akufotokoza. Akuti poyamba uphunzira kuyankhula ndi kulemba. Kenako mabuku awo akalekale, ndi mbiri ya nkhondo zawo. Koma chaka chachitatu sukhala m'kalasi ayi. Upita ku Jeremani komweko, ukagone konko, ukagule buledi m'chiyankhulo chawo. Ukapanda kupita, digiri ya Chijeremani palibe.

"Ndiye ukandibweretsere mwamuna wa kumeneko, wandevu," ndinkamuseka.

"Agogo, inu mungamuthe? Ndidzakulandani."

Nthawi itayandikira, mayi ake anaitana mchimwene wawo wa ku Wembley. Kwathu mwana ndi wa malume, ngakhale mutawoloka nyanja zingati. Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, jekete osavula n'komwe.

"Iwe, Chingerezi chakuchepera? Chijeremanicho ukadya?"

"Malume, ndi lamulo la kosi. Aliyense amapita."

"Aliyense ali ndi agogo ogona pabedi? Mayi ako ali kuntchito tsiku lonse. Uwasiyira ndani?"

Ine ndinati, "Mlekeni mwana apite. Ndidzikwawa ndekha."

Mwana wanga wamwamunayo, amene ndinamubereka ndekha, anatembenuka mwaulemu wake wonse. "Chabwino amayi, apite. Inuyo tikakusiyani kunyumba ya nkhalamba. Kumeneko mukafuna madzi mukaloza ndi chala. Mukadzionongera mukadikira mpaka wina amve fungo."

Anayankhula m'Chichewa chomveka bwino, pang'onopang'ono, kuti mtsikana asaphonye liwu. Mayi ake maso ali pa foni.

Mdzukulu wanga sanapite. Anzake anakwera ndege, iye anamusamutsira ku maphunziro ena a zamalonda amene malume ake anasankha. Mabuku a Chijeremani mtsikanayo anawaika m'katoni n'kukasiya panja pamvula.

Amandisambitsabe, sindinganame. Madzi amayesa ndi chigongono kuti asandiwotche, mankhwala sandiphonyetsa. Koma kuyambira tsiku limenelo Chichewa chake anatsekera. Akamandipukuta msana amayankhula Chijeremani chokhachokha, motsitsa mawu, nthawi zina mpaka kuseka.

Tsiku lina ndinamugwira dzanja. "Mayi wanga, ukunditukwana kodi? Tukwana m'chathu, ndimve."

Anachotsa dzanja langa bwinobwino, ngati akuchotsa tsitsi pa malaya. Anandiyankha mawu ataliatali a komweko, akundiyang'ana m'maso, kenako anatenga beseni n'kutuluka.

Malume ake akaimba foni amafunsa ngati ndikusamalidwa. Ndimati eya.